Kukafunsa Mtundu wa Gabor ku Newcastle

Takondwa ndi mwana wa mlongo wanga. Atabwera ku Sheffield kudzaphunzira za mankhwala, mayi ake anangondiuza pafoni kuti, "Mwana wanu uyo, achimwene, muzimuyang'anira." Ine ndinali nditakhazikika kale ku Rotherham, ndipo ndinkamuyang'aniradi, koma zikuoneka kuti sindinkayang'anitsitsa. Tsiku lina anangotulukira pakhomo ndi mnyamata wamtali wachizungu, n'kunena kuti uyu ndi Gabor, tikufuna banja.

Mnyamatayo ndinalibe naye chifukwa. Vuto linali kwa akuluakulu. Mlongo wanga ku Mchinji ananenetsa kuti popanda wamkulu wa kuchimuna woti tikambirane naye ndi kudziwa mtundu wake, chinkhoswe palibe. Tsono Gabor bambo ake anasowa iye ali khanda, ndipo mayi ake anamwalira. Wamkulu anatsala mmodzi yekha, agogo ake aamuna amene anamulera, a Miklos, okhala ku Newcastle. Iwowa anathawa kwawo ku Hungary ali mnyamata, nthawi ya zipolowe za m'ma 1950, ndipo tinamva kuti sanali munthu wamba. Anali a mtundu wa eni malo akalekale, aja ankapatsidwa midzi ndi mafumu, ndipo ankasunga chipepala cha mayina a makolo awo kuyambira zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo.

Takondwa atakaonekera kumeneko anamulandira bwino, tiyi ndi keke. Koma Gabor atangotchula ukwati, mkuluyo anayang'ana kumbali n'kuti, "Mtengo wa mtundu wathu wathera pa ine." Mwana anabwera kwa ine maso ali psuu.

"Ankolo, sakufuna munthu wakuda pachipepala chawo. Ndamva ndi makutu angawa."

Patapita masabata, uthenga unabwera kuti a Miklos akufuna kuonana ndi eni mwana Loweruka pa chakudya cha masana, chifukwa Lolemba lake akukagonekedwa m'chipatala kuti akawapange opaleshoni ya mtima. Takondwa anandiuza mosapita m'mbali. "Ankolo, zikakanika Loweruka, I'm done. Ndibweza mphete. Gabor sangasiye agogo ake, ndipo ine sindingalowe m'nyumba mondikana." Ndimamudziwa mwana uja. Akanena chinthu sabwerera m'mbuyo, anatengera mayi ake.

Kuyenda awiri si mantha, choncho ndinapempha achemwali anga a Naphiri, mwana wa mayi anga aakulu, namwino ku Salford, kuti tipitire limodzi. Anavomera, koma atayamba andisambitsa kaye chokweza. Kwathu akuchimuna ndi amene amabwera kudzagogoda kwa akuchikazi. Ife kunyamuka kukawapeza kunali ngati tikukamutsatsa mwanayo. Ndinawauza kuti munthuyo ndi wodwala mtima, sangayende. Anati chabwino, koma ndikudziwe kuti akupitira Takondwa, osati ine.

Unali mwezi wa February. Ndinanyamuka ku Rotherham kukungocha pa kagalimoto kanga kamene anyamata a kutchalitchi ankakatcha Lazaro, poti kanali kataukitsidwa kangapo. Nzeru yanga inali yodutsa ku Sheffield, kukwera mapiri kudzera njira ija ya Snake Pass, kukatenga achemwali ku Salford, kenako kulunjika kumpoto. Ndinali nditasindikiza mapu kuntchito, nditavala suti yanga ya paukwati, ndipo ndinkadziona ngati munthu wadongosolo. Nditangotuluka mu Sheffield ndinapeza chikwangwani chachikasu pakati pa msewu: njira yatsekedwa, kwagwa sinoo, chipale chofewa chija. Ndinatembenuka kukadzera ku Woodhead, kumene aliyense wobwezedwa ngati ine anali atathamangira. Tinakwera phirilo pang'onopang'ono kumbuyo kwa malole, ndipo potsikira cha ku Mottram tinangoima. Mayi wina wa m'galimoto yoyandikana nane anamaliza kudzola zakumaso zonse, nsidze ndi milomo yomwe, tisanasunthe.

Ku Salford ndinafika dzuwa, kapena kuti malo amene dzuwa likanakhala, litakwera ndithu. Ndinkayembekeza kuwapeza achemwali pakhomo chikwama chili m'manja. Ndinawapeza kukhitchini atavala yunifolomu, akutembenuza nkhuku yathunthu m'poto.

"Achemwali, nthawi!"

"Ndangoweruka night shift ine. Mukufuna tikafike kwa eni ake manja lendee? Iyi ndi nkhuku yolimba, ya kwa mwenye uja, simapsa msanga. Khalani pansi."

Ndinakhala pansi. Nkhuku itapsa anasamba, atasamba anayamba kusankha duku. Maduku atatu anakanidwa ndisanalankhule kanthu. Pomaliza anakulunga poto m'chitenje, kumanga mfundo pamwamba, n'kutuluka ataligwira ndi manja awiri. Foni yawo inatsala pa chaja pafupi ndi ketulo, koma zimenezi tinazidziwa mochedwa.

Msewu waukulu wa M62 unatilandira bwino poyamba. Ndinayamba kuwerengera m'mutu kuti tikachedwa pang'ono chabe, mwina mkuluyo adzatikhululukira. Koma chakudza sichiyimba ng'oma. Titafika pamwamba penipeni pa zitunda zija, pamene palibe mtengo kapena nyumba, Lazaro anatsokomola kawiri, nyale zonse za pa dashibodi zinayaka, ndipo ndinangokwanitsa kumukhotetsera m'mbali. Ndinatsegula boneti n'kuyang'anamo nthawi yaitali, ngakhale kuti za injini sindidziwa chilichonse. Mwamuna amayenera kuyang'anamo basi.

Ndinaimbira okoka magalimoto. Anati tituluke, tiime kuseri kwa zitsulo za m'mbali mwa msewu, akubwera. Ndisanayambe kufufuza nambala ya Gabor kuti ndimuuze, kafoni kanga kanalira kamodzi n'kuzima. Batire linali lokalamba ngati galimoto yomwe, ndipo kuzizira kunalimaliza.

"Achemwali, ndibwerekeni yanu."

Anafufuza m'chikwama, anafufuza m'matumba a jekete, kenako anandiyang'ana.

"Inu ndi amene mumandifulumizitsa," anatero.

Kudikira kwa pamenepo sindidzakuiwala. Mphepo inkabwera chopingasa, yonyamula tizidutswa ta sinoo tolasa kumaso. Nsapato zanga za paukwati zinalowa madzi. Malole ankadutsa n'kutimwaza matope. Achemwali anakhala pachitsulo atakumbatira poto, ndipo patapita nthawi anandiitana kuti nanenso ndiikepo manja. Tinakhala choncho anthu awiri akuluakulu, wina wa digiri ya zamakompyuta, wina sisitala wa m'chipatala, tikuwotha nkhuku. Mtima wanga unali ku Newcastle. Ndinkaona mkulu wonyada atakhala patebulo, akuyang'ana wotchi, n'kumuuza mdzukulu wake kuti waona, anthu ake ndi amenewa. Ndinachita mantha enieni kuti banja la mwana wa mlongo wanga lithera pamsewu chifukwa cha galimoto yanga.

Wokoka uja atafika anali bambo wonenepa wansangala, wolankhula Chingerezi cha ku Yorkshire chimene theka lake ndinkangovomera. Anatikweza kutsogolo, Lazaro kumbuyo, n'kukatitula pa galaja ina kunja kwa Huddersfield. Makaniko anamvetsera injini pang'ono, anapukusa mutu, nati tibwere Lolemba. Ndinati tibwerere, tikapepese mawa pafoni. Achemwali anandifunsa ngati opaleshoni ya mtima ndimaidziwa bwino, ndiponso ngati ndili ndi chitsimikizo choti mkuluyo adzadzuka. Iwo amagwira ntchito ku wodi ya odwala otere. Ndinangofunsa makaniko kumene kuli siteji ya basi.

Basi ya ku Leeds inali ija yoima pakhomo lililonse. Inakweza agogo a ngolo zogulira zinthu, inatsitsa ana a mpira, inadikira munthu amene ankathamanga kuchokera kutali kenako n'kupezeka kuti sakukwera. Ku Leeds tinapeza kochi, basi ya maulendo ataliatali, ya ku Newcastle itangotuluka kumene, tikuiona msana. Yotsatira inali yodzera ku Middlesbrough ndi ku Sunderland, ndipo matikiti ake a pompopompo anandidula kuposa petulo wa ulendo wonse. Tinadikira pabenchi yozizira, tikumwa tiyi wa m'makapu a pepala wosakoma n'komwe.

Pokwera panabuka mlandu wa poto. Dalaivala anati katundu yense wotere apite kunsi. Achemwali anati ichi si katundu, ndi chakudya cha munthu wodwala, ndipo kunsi chikagubuduka adzakolopa ndi iyeyo. Anayang'anizana kwa kanthawi, dalaivala n'kugonja. Pampando wa kutsidya kwa kanjira panakhala bambo wina amene anamva tikulankhula, n'kuseka.

"Imwe a ku Malawi, mwanyamula na nkhuku mu coach? Mwanikumbutsa ku Chipata."

Anali wa ku Zambia, wosamalira okalamba ku Sunderland. Ndinaona kuti foni yake ndi yofanana ndi yanga. Anavomera kuti ndiikemo simu khadi yanga. Tinatsegula mafoni pamaondo, kochi ikugwedezeka, kakhadi kanagwa pansi, tinakafufuza pansi pa mipando mpaka kukapeza pafupi ndi nsapato ya mayi wina amene sanasangalale nazo. Foni itayaka, munapezeka manambala a anthu a ku Lilongwe amene ndinasiyana nawo kalekale. Ya Gabor ndi ya Takondwa ndinazisunga m'foni, osati m'khadi. Mnzathu uja anatipepesa, ndipo atamva nkhani yonse anati tisadandaule, azungu okalamba amakonda anthu ovala suti. Apo n'kuti msuzi utadontha kale m'chitenje n'kundilembera mzere pa thalauza.

Titadutsa Middlesbrough ndinayamba kuwalangiza achemwali. Ndinati tikafika tikalankhule mofatsa, ndipo nkhani yoti kwathu ana ndi a kuchikazi tisakaitchule n'komwe, chifukwa munthu wosunga mayina a makolo ake aamuna zaka mazanamazana sangaimve bwino.

"Ndiye tikanene kuti chiyani akafunsa?"

"Tikangoti zimenezo n'za ana okhaokha."

"Inu ndinu malume kapena ndinu loya?" anatero, n'kutseka maso. Anagona mpaka ku Sunderland, manja ali papoto.

Ku Newcastle tinafika mdima wa m'nyengo yozizira utayamba kale, masitolo akutseka. Takisi inatitula pa kanyumba kakang'ono ka mumzere wa nyumba zofanana, kosiyana kwambiri ndi chinyumba chimene ndinamanga m'mutu mwanga. Gabor anatsegula chitseko tisanagogode. Nkhope yake inali yoyera kuposa masiku onse.

"Ankolo, mwabwera," anatero m'Chichewa chake chochepacho, kenako anapitiriza m'Chingerezi kuti agogo akhala pawindo kuyambira m'mawa ndipo akana kudya.

A Miklos anali munthu wamfupi, wowonda, atavala suti yakuda ndi tayi. Patebulo panali mbale zinayi zoyalidwa bwino ndi supu amene anazizira kalekale. Ndinayamba kupepesa, kufotokoza za sinoo ndi za galimoto, koma anangondigwira dzanja ndi manja awo awiri osalisiya. Achemwali anagwada pang'ono n'kupereka poto, ndipo mkuluyo analandira ngati akudziwa mwambo wake. Kenako achemwali anamuuza Gabor kuti akatenthetse chakudya ndipo asatuluke kukhitchini mpaka ataitanidwa, chifukwa mwini nkhani sakhala pamene akulu akukamba za iye. Mnyamata anayang'ana agogo ake. Agogo anamuloza kukhitchini.

Anasuntha mbale, natambasula chipepala chija patebulo, n'kutsamiza makona ake ndi makapu. Chinali chachikulu ngati mphasa ya mwana, chachikasu, chomatidwa m'malo ambiri. Anati anachikopera bambo awo, ndipo iwo anawoloka nacho malire atachikulunga m'mimba. Pamwamba penipeni panali munthu mmodzi, amene mfumu inamupatsa malo m'zaka za m'ma 1200, dziko litangopasulidwa ndi ankhondo ochokera kum'mawa. Kuchokera kwa iyeyo mizere inatsika n'kugawikana. Nthambi iliyonse inatenga dzina la mudzi umene inakhala, ndipo chala cha mkuluyo chinkatsata imodziimodzi. Iyi inathera kunkhondo. Iyi inathera pa wansembe. Iyi inabereka ana aakazi okhaokha. Paliponse pamene nthambi yathera panajambulidwa kachishango kozondoka. Anatifotokozera kuti kwawo mwamuna womaliza wa mtundu akamwalira, chizindikiro cha banja amachiika chozondoka pamanda ake, kuti odutsa adziwe kuti pano zatha.

Ine ndinkangodikira mawu aja oti pepani, mwana wanu sangalowe pano. Chala chinafika pansi penipeni. Panali dzina lawo, ndipo kunsi kwake dzina limodzi la mkazi, Ilona, lokhala ndi kamtanda. Kunsi kwa Ilona kunalibe kanthu.

"Gabor ali pati?" ndinafunsa.

"Palibe," anatero. "Ndi mwana wa Ilona, mwana wanga wamkazi. Kwathu mtundu umayenda ndi amuna. Ndi chifukwa chake ndinakuitanani." Anakhala pansi, akupuma movutikira. "Gabor anandiuza kuti kwanu simupereka mwana musanadziwe mtundu wa mwamuna. Ndinafuna mumve kwa ine, osati kwa ena. Mnyamatayu alibe bambo. Dzina limene ali nalo ndi la munthu amene anamuthawa. Langa sindingamupatse. Akubwera kwa inu wopanda kanthu. Masana atadutsa osakuonani, ndinati basi, amva kale, akana."

Sindidziwa kuti nkhope yanga inaoneka bwanji. Tsiku lonse ndinazizidwa ndi mantha oti atikana, pamene mkuluyu anakhala pawindo ndi njala kuopa kuti ife tikana mdzukulu wake. Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kulira, ndipo ndinangoti, "Ayi, bambo, ayi."

Achemwali anali atavala magalasi awo, ataweramira pachipepala. Analoza pambali pa dzina lina la pamwamba pamene panali chilembo chimodzi chokha.

"Awa ndi ndani?"

"Mkazi wake. Dzina silinalembedwe."

"Nanga awa? Ndi awa?"

"Chimodzimodzi. Alembi akale sankasamala za akazi."

Achemwali anandiyang'ana n'kunena m'Chichewa, "Zaka zonsezi amuna kumangoberekana okhaokha?" Ndinawaponda phazi pansi pa tebulo, koma anabwereza m'Chingerezi, mawu omwewo. Mkuluyo anakweza nsidze. Achemwali anapitiriza. Anati kwathu munthu ndi wa kumene anayamwa. Tikafunsa mtundu wa mnyamata timafunsa kuti mayi ake ndani, anakulira pakhomo pa yani, anamulera ndani. Za bambo wothawa sitizitenga ngati mlandu wa mwana. "Ife taona Ilona, taona inu. Mtundu tauona. Watikwanira."

A Miklos anayang'ananso pa dzina la Ilona. Kenako anati kale mafumu a kwawo anali ndi mphamvu yolamula kuti mwana wamkazi awerengedwe ngati wamwamuna, mtundu ukatsala pang'ono kutha. Zinkachitika, koma mwa chilolezo cha mfumu yokha, ndipo mafumu anatha.

"Nanga cholembera chimasungidwa ndi ndani masiku ano?" anafunsa achemwali.

Mkuluyo anatembenukira kwa ine n'kufunsa funso lija ndinkaliopa, kuti ana akadzabadwa adzakhala a yani. Ndinayang'ana achemwali, iwo anayang'ana kudenga. Ndinauza mkuluyo zoona, kuti kwathu adzakhala athu, a mbumba yanga, ndipo akadzalakwa mlandu udzafikira ine. Koma ndinawonjeza kuti dzina la mwana woyamba amatchula ndi akuchimuna, ndipo akuchimuna amene tikuwadziwa ife ndi iwowo basi.

A Miklos anaseka mpaka kutsokomola, achemwali n'kuimirira kuwagwira pamsana mwa chizolowezi cha ntchito. "Ndiye mwayenda tsiku lonse mu sinoo kudzandilanda," anatero. Atapuma anapisa m'thumba la jekete, natulutsa cholembera. Anajambula mzere kuchokera pa Ilona kutsika pansi, pamalo pamene kachishango kozondoka kanayenera kudzakhala, n'kulemba dzina la Gabor. Pambali pake anasiya mpata.

"Mtsikanayu sindimulemba ndi chilembo chimodzi," anatero. "Ndipatseni dzina lake lonse. Ndipatseninso la mayi ake, ndi la amene anabereka mayi akewo. Ngati kwanu mumawerenga choncho, tilemba choncho."

Tinayamba kutchula, iwo akulemba m'mphepete mwa pepala, mayina a akazi a ku Mchinji akukwera m'mwamba pambali pa ankhondo a ku Hungary. Ine ndinathera pa agogo athu. Achemwali anapitirira ndi mmodzi wina, kenako tinayamba kutsutsana za wachiwiri. Mkuluyo anaitana Gabor, amene anatulukira msangamsanga moti zinaonekeratu kuti anali pachitseko nthawi yonseyi. Mnyamata anayang'ana pachipepala, anaona dzina lake, n'kubwerera kukhitchini. Tinamva madzi akutsegulidwa pampopi kwa nthawi yaitali.

Atatulukanso ndinamupempha kuti andiimbire Takondwa pafoni ya m'nyumba. Inangolira kamodzi.

"Ankolo? Muli kuti? Tsiku lonse foni yanu... Akana, eti? Ingondiuzani."

"Mwanawe," ndinatero, "khala pansi kaye. Ukadekha uwaimbire amayi ako ku Mchinji, uwafunse kuti agogo a agogo athu aakazi dzina lawo anali ndani. Kuno tasemphana, ndipo a Miklos akudikira ndi cholembera m'manja."

Ndinangomva mwana wa mlongo wanga akulira mokweza ngati ali ndi zaka zisanu, ndipo sindinamuletse.